Halkidiki ndi phiri la Athos: bambo akalowa kwa amonke, ine ndi ana titsala kuti?

Mayi a Chisomo: Muli bwanji nonse? Ndithandizeni nzeru abale anga. Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga kandalama kwa zaka ziwiri kuti tchuthi chikubwerachi tikaone nyanja ku Greece, kuchokera kuno ku Manchester. Tinagwirizana za Halkidiki, kumpoto kwa dzikolo, kufupi ndi Thessaloniki. Ndiye dzulo bambo a Chisomo andiuza kuti chimene mtima wawo ukufunitsitsa ndi kukagona masiku atatu ku phiri la Athos, kwa amonke a tchalitchi cha Orthodox. Nditafufuza ndapeza kuti kumeneko munthu wamkazi saponda. Kuyambira usiku mtima wanga sunakhazikike. Tili ndi ana awiri, Chisomo, mtsikana wa zaka 12, ndi mlongo wake wa zaka 7. Alipo anafikako pagulu pano? Ine ndi ana tizikatani masiku amenewo? Kapena tingosintha, tipite kwina kumene tonse tingalowe khomo limodzi?

Anaphiri: Achemwali, musasinthe msanga. Ine ndinapitako ndi amuna anga ndipo zinali chimodzimodzi, iwo analowa, ine ndinatsala kunja. Ndifotokoza bwino ndikaweruka. Pakadali pano tsegulani mapu muone mmene dera limenelo lilili. Likuoneka ngati dzanja la zala zitatu zoloza m'nyanja. Chala choyamba ndi Kassandra, chapakati Sithonia, chachitatu ndiye Athos. Choletsedwa kwa ife ndi chachitatucho basi, ndipo nachonso kumtunda kwake kuli midzi imene aliyense amafika.

Kondwani Banda: Mayi a Chisomo, choyamba auzeni bambo kuti ku Athos munthu sangodzuka n'kupita. Pamafunika chilolezo chapadera, dzina lake diamonitirion. Pa tsiku amalola amuna 100 a Orthodox ndi 10 okha a mipingo ina. Ngati bambo ali ngati ine wa CCAP, ndiye kuti akulimbirana malo khumi amenewo ndi dziko lonse lapansi. Ofesi yoona za alendowa ili ku Thessaloniki, mumapempha miyezi ingapo ulendo usanafike, mumatumiza chithunzi cha pasipoti, kenako pepala lenilenilo mumakatenga ku Ouranoupoli, kamudzi ka pa doko pafupi ndi malire a Athos, m'mawa wa tsiku lokwera boti. Limakupatsani usiku utatu. Komanso chilolezocho si malo ogona ayi. Nyumba ya amonke iliyonse imene mukufuna kukagonako muyenera kuipempha payokha, ndipo kawirikawiri amakupatsani usiku umodzi. Ndiye ngati mukunena za Julayi kapena Ogasiti, apemphe sabata ino.

Mayi a Chisomo: Zikomo achimwene. Nafenso ndife a CCAP. Iwo ankaganiza kuti angogula tikiti ya boti tikafika.

Kondwani Banda: Popanda pepala limenelo sakwera boti lopita ku Dafni, doko lolowera ku Athos. Amayang'ana polowera pomwe.

Tiyamike: Pepani, ndilankhule ngakhale ndine mwana pagulu pano. Anti, ine ndikanakhala inu sindikanapereka ndalama yanga ku malo amene amandiletsa kulowa chifukwa choti ndinabadwa mkazi. Ndawerenga kuti ngakhale ziweto zazikazi saziloleza, kupatula amphaka ogwira mbewa. Boti lonyamula akazi liyenera kukhala mamita 500 kutali ndi gombe. Mkazi akalowa akhoza kumangidwa mpaka chaka chathunthu. Izi zikuchitika m'dziko la EU! Nyumba ya malamulo ya ku Ulaya inapempha mu 2003 kuti chiletsochi chichotsedwe, mpaka lero ziii. Nanga Chisomo akafunsa kuti chifukwa chiyani adadi alowa koma ine ayi, mukamuyankha chiyani?

Mayi a Chisomo: Tiya, wagunda pamene pakundipweteka penipeni. Za ine ndekha ndikhoza kupirira. Koma mwanayu ali pa msinkhu wofunsa chilichonse.

Bambo Mwale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimapemphera ku tchalitchi cha Orthodox kuno ku Blantyre, ndiye ndiloleni ndiikepo mawu. Mwana wanga Tiyamike, zimene wanenazo ndi zoona zonse, sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Ndingofotokoza mmene eni ake amazionera. Nyumba ya amonke iliyonse, kaya ndi ya Orthodox kaya ya Katolika, ili ndi mbali imene munthu wamkazi salowa. Kwa masisitere nakonso kuli zipinda zimene mwamuna safika. Chimene chinachitika ku Athos n'chakuti dera lonselo linatengedwa ngati nyumba imodzi ya amonke, ngakhale muli nyumba zikuluzikulu 20. Yakale kwambiri, Great Lavra, inakhazikitsidwa mu 963 ndi Athanasius woyera. Kuyambira nthawi ya mafumu a ku Constantinople derali limadzilamulira lokha, ndipo Greece polowa mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya inaonetsetsa kuti ufulu umenewu walembedwa. Chachiwiri, mwambo wathu umati Maria, amayi a Ambuye, ali pa ulendo wa panyanja wopita ku Cyprus kukaona Lazaro, mphepo inakankhira chombo chawo ku gombe limeneli, iwo nalikonda. N'chifukwa chake amalitcha munda wa Maria. Amonke amati mkazi alimo kale, ndipo ndi iyeyo mwini wake wa phirilo. Ukalowa m'tchalitchi chilichonse kumeneko, nkhope imene umakumana nayo paliponse ndi yake.

Tiyamike: Bambo, ndamva ndipo ndikulemekeza chikhulupiriro chanu. Koma chipinda ndi china, dera lotalika makilomita oposa 40 ndi chinanso. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha anthu onse mu 1988. Anthu onse bwanji pamene theka la anthuwo likuonera patali? Kulemekeza Maria potsekera kunja ana ake aakazi, mutu wanga ukukanika kuzimvetsa.

Bambo Mwale: Sindikukakamiza kuti uvomereze, mwana wanga. Akazi ena a mumpingo mwathu momwemo amafunsa funso lomwelo, ena amati chiletsocho chisakhudzidwe. Ndingowonjezera kuti pa nthawi ya mavuto chitseko chinatsegukapo. Pa nkhondo yomenyera ufulu wa Greece m'zaka za m'ma 1820, akazi ndi ana a m'midzi yoyandikira anathawira komweko. Amonkewo sadana ndi akazi, anabadwa kwa akazi. Anangosankha moyo wosiyana ndi wathu, ndipo anapempha malo amodzi pa dziko lonse oti aukhalire.

Anaphiri: Ndaweruka tsopano. Achemwali, ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga, mukaweruze nokha.

Tinatera pa ndege ku Thessaloniki, Tesalonika yemwe uja wa makalata a Paulo. Pa msewu wopita kum'mawa munthu umakumbuka Machitidwe 17, pamene akuti anadutsa ku Amfipoli ndi Apoloniya, chifukwa malo amenewo ali m'chigawo chomwecho. Tinakwera basi ya KTEL mpaka Ouranoupoli, ulendo wa maola pafupifupi atatu, msewu wokhotakhota m'mapiri. Ouranoupoli ndi kamudzi kakang'ono komaliza musanafike pa malire. Padoko pali nsanja yamiyala ya zaka za m'ma 1300, ndipo m'mawa pansi pake pamadzaza amuna ndi zikwama kumsana, amonke ovala zakuda ndi ndevu zawo akukweza matumba a ufa ndi makatoni m'boti. Akazi tinaima pa simenti tikubayibitsa. Sindinama, boti litachoka ndinamva kuwawa. Pambali panga panali gogo wina wachi Greek, anandigwira dzanja, nandionetsa kachithunzi ka mnyamata wovala zakuda. Sitinkamvana chilankhulo koma ndinazindikira kuti ndi mwana wake, ali mkatimo. Iye sanalire, ankangopanga chizindikiro cha mtanda boti likupita.

Tsiku lotsatira ndinakwera boti la alendo, lija loyenda mamita 500 kuchokera kugombe. Limatenga maola atatu kapena kuposerapo pang'ono, kupita ndi kubwerera, kutsata gombe la kumadzulo. Tengani zoonera patali ngati muli nazo. Mumayamba kuona nyumba za amonke za Docheiariou ndi Xenophontos zili m'mphepete mwa madzi ngati malinga a nkhondo. Kenako ya anthu a ku Russia, St Panteleimon, yaikulu ngati tauni, madenga ake obiriwira. Koma imene inanditseka pakamwa ndi Simonopetra. Inamangidwa pamwamba pa thanthwe, nyumba zosanjikizana zomera pamwala, makonde amatabwa akulendewera pa phompho. Boti lonse linangoti chete. Kumapeto kwake phiri lenilenilo, mamita 2,033, likutuluka m'nyanja molunjika, nsonga yake yotuwa. Mbalame za m'nyanja zinkatsatira boti, ana akuziponyera buledi. Ana anu akasangalala.

Ndiye ndinene chilungamo: kuona patali sikufanana ndi kulowa, ndipo kachisoni kameneko ndinabwera nako. Koma ulendowo sindinong'oneza nawo bondo ngakhale pang'ono.

Mayi a Chisomo: Anaphiri, nkhani ya gogoyo yandikhudza. Nanga masiku enawo munkatani?

Anaphiri: Nyanja, achemwali! Pafupi pomwepo pali chilumba cha Ammouliani, mumakwera boti pa Tripiti, mphindi zochepa mwafika. Madzi ake ndi oyera mbee, mumaona zala za kumapazi muli m'madzi ofika m'khosi. Kwa ana n'kwabwino chifukwa malo ambiri ndi osaya. Chenjezo limodzi kwa ife amene tinakulira ku Salima ndi ku Mangochi: madzi awa ndi amchere, amaluma m'maso, ndipo ukatuluka thupi limayera ngati wadzola ufa. Mukatsukeni ana ndi madzi abwino akangotuluka. Pamiyala pamakhala tizilombo takuda taminga, ndiye agulireni tinsapato tolowa nato m'madzi.

Komanso kuchokera ku Ouranoupoli mukhoza kuyenda wapansi makilomita awiri okha kukafika pa malire enieni. Pamenepo pali mabwinja a nyumba ya amonke ya Zygou, ili kunja kwa mpanda, choncho akazi timafika. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana nkhalango ya tsidya linalo.

Limbani Gondwe: Ndilowererepo pa za magombe, poti ine za amonke sindinapitire. Ngati muli ndi laisensi, bwerekani galimoto, mabasi apakati pa midzi ndi ochepa. Kassandra ndi kwa phokoso, mahotela akuluakulu, achinyamata usiku wonse, ngakhale mudzi wa Afytos ndi wokongola ndi nyumba zake zamiyala pamwamba pa phompho. Banja la ana ang'ono ndingati Sithonia. Mitengo ya paini imafika mpaka pamchenga, ndiye mthunzi suvuta. Ku Vourvourou kuli gombe la Karydi, mwana amayenda mtunda wautali madzi ali m'chiuno. Kavourotrypes ndi timagombe ting'onoting'ono pakati pa miyala yoyera, koma pitani m'mawa kwambiri, masana malo oimika galimoto amasowa. Mukagona ku Sarti, dzukani kusanache. Dzuwa limatulukira kuseri kwa phiri la Athos tsidya la nyanja. Mayi a Chisomo, mukhoza kumamwa tiyi mukuyang'ana phiri limene bambo agonako.

Za Ogasiti iwalani ngati mungathe. Anthu a ku Serbia, Bulgaria ndi Romania amabwera pa magalimoto awo, kuphatikiza eni dziko amene amakhala pa tchuthi cha pa 15 Ogasiti. Mitengo imakwera, msewu wochokera ku Thessaloniki umadzaza. Juni kapena Sepitembala ndi bwino.

Mayi a Chisomo: Vuto ndi sukulu achimwene, kuno amatsekera kumapeto kwa Julayi. Mwina tiyese sabata ija ya tchuthi cha kumapeto kwa Meyi.

Limbani Gondwe: Nthawi imeneyo madzi amakhala akadali ozizirirapo, koma ana sasamala zimenezo. Ndipo anthu amakhala ochepa.

Kondwani Banda: Ndifotokozeko za mkati, kuti bambo adziwe chimene akupempha, chifukwa ena amaganiza kuti ndi hotela yaulere. N'zoona simulipira pogona ndi chakudya, koma mumalowa m'moyo wawo, iwo salowa m'moyo wanu. Boti limakusiyani pa Dafni, basi imakukwezani ku Karyes, likulu lawo, kamudzi kopanda mwana ngakhale mmodzi. Chimenechi chinandidabwitsa kuposa china chilichonse, msewu wopanda liwu la mwana kapena la mayi. Mukafika pa nyumba ya amonke, wolandira alendo amabwera ndi thireyi: madzi ozizira, kaswiti kofewa kotchedwa loukoumi, khofi, ndi kakapu ka kachasu wawo wa mphesa. Ine sindimwa, ndinangokasiya, palibe anakhumudwa.

Nthawi yawo ndi ina. Amatsatira kalendala yakale ya Julian, imene ili m'mbuyo ndi masiku 13, ndipo nyumba zambiri zimawerenga tsiku kuyambira dzuwa likalowa. Zipata zimatsekedwa dzuwa likangolowa, ukachedwa wagona panja. Cha m'ma 3 kapena 4 koloko usiku umamva monke akuzungulira bwalo akugogoda thabwa lalitali ndi kanyundo, ko ko ko, ko ko ko, ndiye belu lawo lodzutsa anthu. M'tchalitchi mulibe magetsi oyaka, makandulo ndi nyali za mafuta basi, fungo la lubani, nyimbo zopanda chida chilichonse, maola atatu kapena anayi. Ife a mipingo ina sitilandira mgonero, ndipo nyumba zina zimatiimika m'chipinda cha kukhomo. Ndinaima pamenepo mumdima, sindinamve liwu ndi limodzi lomwe la Chigiriki chawocho, koma sindinafune kutuluka.

Chakudya ndi kawiri pa tsiku, masiku osala kamodzi. Nyama sadya konse. Nyemba, mphodza, ndiwo zamasamba za m'munda mwawo, buledi, maolivi, nsomba pa masiku a chikondwerero. Mumadya osalankhula, monke mmodzi akuwerenga mokweza, ndipo mkulu wawo akaliza kabelu, chakudya chatha, kaya mbale yako ikadali yodzaza. Auzeni bambo adye mofulumira. Atenge mathalauza aatali ndi malaya a manja aatali, kabudula saloledwa, kusambira m'nyanja saloledwa, kujambula vidiyo saloledwa. Nsapato zikhale zolimba, njira zapansi zapakati pa nyumbazo ndi zamiyala ndi zokwera.

Bambo Mwale: Achimwene a Banda mwafotokoza bwino, mwandikumbutsa zambiri. Bambo a Chisomo akakumana ndi monke panjira anene kuti evlogite, ndiko kuti dalitsani, iye adzayankha kuti o Kyrios, Ambuye ndiye adalitse. Ndipo ngati angapeze malo ku nyumba ya Grigoriou, apiteko. Kumeneko ndi kumene kunachokera bambo Cosmas, amene anatumikira ku Kolwezi m'dziko la Congo mpaka anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1989, ndipo anaikidwa komweko ku Kolwezi. Munthu wa ku Africa sakhala mlendo kwenikweni pakhomo limenelo.

Kwa inu mayi, pali makomo otseguka. Ku Ormylia, pa njira yolowera ku Sithonia, kuli nyumba yaikulu ya masisitere oposa 100, yomwe ili pansi pa ulamuliro wa Simonopetra yomweyo imene Anaphiri anaiona pathanthwe. Mapemphero ndi nyimbo zake n'zamwambo umodzi. Ndipo kufupi ndi Thessaloniki, ku Souroti, kuli manda a Paisios woyera, monke wa ku Athos amene anamwalira mu 1994 n'kuikidwa m'gulu la oyera mu 2015. Anaikidwa pa nyumba ya masisitere, kunja kwa phiri, ndipo akazi ambirimbiri amene sakanatha kumuona ku Athos amafika pamanda pake. Muvale siketi yaitali ndi chophimba mapewa, ndipo mufunsiretu masiku amene amatsegulira alendo, chifukwa satsegula tsiku lililonse.

Tiyamike: Za Ormylia sindinkazidziwa, zikomo bambo. Maganizo anga pa chiletsocho sanasinthe, ndisaname. Koma anti, ngati mupita, chonde Chisomo musamubisire. Muuzeni zonse, mbali ya a Mwale ndi mbali yanga, aganize yekha. Ndipo mukamutengere ku Stagira, kwawo kwa Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wachi Greek, amene anabadwira konko mu 384 BC. Ndi m'dera lomwelo, kufupi ndi Olympiada. Akaone kuti Halkidiki si amonke okha.

Limbani Gondwe: Pa njira ya ku Ouranoupoli pomweponso, pafupi ndi Nea Roda, ndi pamene mfumu Xerxes ya ku Perisiya inakumbitsa ngalande yodula chala chachitatucho, kuti zombo zake zisazungulire phiri. Inkaopa chifukwa mu 492 BC mphepo inaswa zombo za Aperisiya pa nsonga ya Athos. Lero pangotsala kachigwa, mukhoza kudutsa osazindikira, koma kwa mwana wa sukulu ndi nkhani yokoma. Ahasiwero wa m'buku la Estere ambiri amati ndi yemweyu.

Nachisale: Ndafika mochedwa koma ndikumbutse za mapepala. Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Greece, pamafunika viza ya Schengen. Kuyambira Juni 2024 wamkulu amalipira 90 euro, ana a zaka 6 mpaka 11 theka lake. Masiku okaonekera amadzaza msanga nyengo yotentha ikamayandikira. Ine chaka china ndinachedwa kupempha, pasipoti inabwera ndege itapita kale, ndalama ya tikiti inalowa m'madzi. Yambani ndi viza ndi pepala la bambo lija, hotela pambuyo.

Anaphiri: Zoona zimenezo. Ndipo pobwera mutigulireko uchi wa ku Nikiti ndi maolivi aakulu obiriwira aja, ndi zimene derali limatchuka nazo. Amagulitsa m'mbali mwa msewu.

Mayi a Chisomo: Abale anga, zikomo nonse. Usiku uno tinakhala pansi anayi tonse, ndinawerenga mauthenga anu mokweza, a Tiya ndi a bambo Mwale omwe, osadumpha. Chisomo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati sizachilungamo, koma akufuna kukaona nyumba ya pathanthwe ija ali m'boti, ndiponso akufuna kukafunsa masisitere a ku Ormylia ngati iwo zimawapweteka. Bambo ake anati ngati ine sindikufuna, asiya. Ndawauza kuti apemphe chilolezocho, koma agone usiku uwiri, osati utatu, kuti masiku otsalawo tikakhale limodzi ku Sarti. Atumiza pempho mawa m'mawa. Achimwene a Banda, nyumba zogona aziyamba kuzipempha pompano kapena adikire kaye yankho la ku Thessaloniki?

Kondwani Banda: Adikire tsiku lolowera litsimikizike, akatero alembere nyumbazo tsiku lomwelo. Simonopetra imadzaza msanga kwambiri, ayambire imeneyo, Grigoriou ikhale yachiwiri. Zili moyandikana, pali njira yapansi yotsika kuchokera pa ina kukafika pa inzake.